Mabotolo Anayi a Bana Mwape

Luyando mwana wanga,

Ndakhala pano pamsika, nsomba zatha msanga lero, ndiye ndabwereka bolopeni kwa mnzanga wogulitsa zovala za salaula kuti ndikulembere. Ukapeza mamba papepalali ungowasasa. Ndikulemba chifukwa ine ndi iwe tikayamba kukambirana timathera kukuwa, iwe kulira, ine kumenyetsa mbale, atate ako n'kutuluka kukakonza njinga imene ilibe vuto lililonse. Ndiye werenga mpaka kumapeto usanandiyankhe.

Mawa m'mawa uyenera kukwera basi ya ku Kopala, kumigodi kuja, ukayambe ntchito imene unaiphunzirira ku koleji, yopima mikodzo mu labu kufufuza matenda opatsirana pogonana. Koma dzulo ndinaona kuti watulutsa zovala m'chikwama chimene unalongedza wekha ukuimba, wazipachikanso pachingwe kuseri kwa chitseko. Ndinamvanso ukuuza atate ako kuti mwina ungofunsa ntchito yogulitsa m'sitolo ya mankhwala kuno ku Kafue. Usaganize kuti sindikudziwa chimene chakusintha.

Ndi Lamlungu lija. Amake Kelvin, mayi wa mnyamata wako wa kutchalitchi uja, anabwera ndi mwana wawoyo kudzatsanzikana nawe, iwe n'kuwaphikira nshima ndi nsomba ya bulimu imene ndinasankha ndekha. Unawagwadira ndi beseni, anasamba m'manja bwinobwino, kenaka n'kukufunsa za ntchitoyo. Unawafotokozera maso ali mbee, za timabotolo, za makina, za tizilombo tosaoneka ndi maso. Apo mpamene anapukuta manja pachitenje nati, "Awe mwandi, naibala, nili pa fasitingi." Munthu wosala kudya asamba m'manja kuti atani? Ndinangoluma lilime chifukwa cha iwe. Ndipo pageti, poganiza kuti sukumva, anandinong'oneza kuti, "Manje manja yogwila mikozo ya mahule ndiye yazayamba kupikila mwana wanga?" Iwe unali kuseri kwa mpanda ukutaya madzi a m'beseni aja, ndipo unamva zonse.

Zinandiwawa, Luyando, mpaka lero zikundiwawa. Koma dziwa kuti mu Kafue muno mulibe mayi wonyada kuposa ine. Tsiku limene unabwera ndi chikhoti choyera chija ndinachionetsa mzere wonse wa nsomba, mpaka anzanga anandiuza kuti ndichibweze m'pulasitiki chisanayambe kununkha milamba.

Za manja onunkha usandiuze, ndine mphunzitsi wake. Fakitale ya nsalu itatseka, atate ako anabwera kunyumba ndi kalata ndi nkhope yakugwa, n'kukhala pansi pa mtengo kuyamba kumata machubu a njinga. Ine ndinamanga chitenje n'kuyamba ulendo wa ku Chanyanya kukapikula nsomba, zina kugulitsa kuno, zina kupita nazo ku Lusaka. M'minibasi anthu ankatseka mphuno ndikamalowa. Kondakitala ankati, "Ba mayo, imwe na nsomba zanu nkhalani kumbuyo, muzatipilikisila makasitoma." Tsiku lina manyazi anandipambana, ndinagula kapefyumu pamsika n'kudzifaira thupi lonse, ndi dengu lomwe. Nsomba zinafika ku Lusaka zikununkhira ngati mkwati. Aliyense ankanyamula, kununkhiza, kubwezera. Ndinabwerera nazo zonse, tinazidya tokha mpaka mlongo wako anayamba kulira akaona nsomba m'mbale. Kuyambira pomwepo ndimalowa m'basi ndi fungo langa, wotseka mphuno atseke, ndipo fungo lomwelo ndi limene linakulipirira sukulu.

Tsopano nkhani ya mabotolo. Umaidziwa, atate ako amaikamba Khirisimasi iliyonse anthu n'kumagubuduka ndi phwete. Koma iwo amakamba mbali yoseketsa yokha. Ine ndikuuza yonse, ndi mbali imene amaidumpha.

Unali usanalembe mayeso a giredi naini. Nthawi imeneyo kuchipatala anali atayamba kulipiritsa, ndipo ambirife tikadwala tinkangogula makapisozi pa kantemba, kagolosale ka m'mbali mwa msewu. Ndiye kukliniki kwathu kunabwera anthu azaumoyo ndi mabokosi ozizira, akuitana amayi kuti akapimitse mikodzo. Panalibe jakisoni, panalibe zogona pabedi kuti akuyang'ane, ungopereka mikodzo basi. Wopita ankaonana ndi adokotala ulere, n'kupatsidwanso neti ya udzudzu. Ife a m'mbali mwa mtsinje neti tinkaifuna, usaseke. Koma mphekesera zinali zitafika kale pamsika anthuwo asanatsitse n'katundu yemwe. Ankati ndi a Satana, mikodzoyo amaikweza ndeke kupita nayo kunja, ndipo mwini wake amayamba kuuma pang'onopang'ono, kubereka n'kuleka. Ngakhale kwathu kumudzi tinakula tikudziwa kuti tsitsi, zikhadabo ndi mikodzo sumapatsa mlendo.

Tinali anayi oyendera limodzi ku Chanyanya: ine, Amake Joyce, mng'ono wake, ndi Bana Mwape. Bana Mwape, amake Mwape, umawadziwa, aja ovala duku loyera, amene akayamba kupemphera patchalitchi malata amanjenjemera. Atationa tikuzengereza pakhomo la kliniki, timabotolo tili m'manja, anati, "Imwe, osayopa. Ine mwazi wa Yesu unanivinikila. Nizakupasani yanga, baitenge ione moto kwamene bayenda nayo." Tinaona kuti ndi nzeru zakuya. Tinazungulira kuchimbudzi, iwo anakodzera m'chitini, n'kutigawira tonse m'mabotolo ngati akugawa chakumwa cha munkoyo. Aliyense anapereka botolo lolembedwa dzina lake, tinalandira maneti, n'kubwerera kumsika tikuyamikirana kuchenjera.

Patapita masabata anatiitana kukamva zotsatira, aliyense payekha. M'kachipindamo munali mtsikana wa labu, wamsinkhu wako uno, wowonda, wolankhula motsitsa. Anandiuza kuti apeza tizilombo ta matenda opatsirana pogonana, aja iwe umawatchula kuti klamidiya, m'bale wake wa chinzonono koma wachetechete. Anati amachizika ndi mapiritsi, koma ndibwere ndi amuna anga kuti timwe tonse. Luyando, ndi mkwiyo ndinaiwaliratu za chitini. Ndinatuluka ngati mphepo mpaka pansi pa mtengo paja, ndinawapeza atate ako ali ndi makasitomala, n'kuwaponyera mapiritsi pachifuwa. Ndinawatchula maina amene sindingalembe pano. Iwo sipanala ili m'manja, kukamwa yasa, anangoti, "Amake Luyando, ine? Na ndalama iti?" Apa mpamene anthu amasekera pa Khirisimasi.

Chimene samakamba n'chakuti ataganiza pang'ono nkhope yawo inasintha, nati, "Ngati si ine, ninshi ni iwe na basodzi bako ba ku Chanyanya." Ukudziwa zimene anthu amanena za ife amayi opikula nsomba, kuti nsomba zikasowa ena amalipira ndi thupi kuti asodzi awasungire. Ine sindinachitepo, ndipo mawu amenewo anandilasa pamtima. Pomwepo mpamene ndinakumbukira kuti mikodzo ija sinali yanga. Ndinayesa kufotokoza, koma ndani angakhulupirire nkhani yopusa chotero itangotuluka m'kamwa momwe mwatuluka matemberero? Anakwera njinga kupita kwa akulu awo, ndipo iwe unkandifunsa tsiku ndi tsiku kuti atate abwera liti. Kwa Amake Joyce kunali koipa kuposa apo. Amuna awo anawamenya, anabwera kumsika diso lili lotupa, akuti anagundidwa ndi chitseko. Mng'ono wake anapakiridwa katundu. Nyumba zitatu zinagwedezeka chifukwa cha chitini chimodzi ndi maneti a udzudzu.

Tinabwerera atatufe kukliniki, mitu ili pansi ngati ana oba shuga. Ndinayembekeza kuti mtsikana uja atiseka kapena kutikalipira, ndipo akanatero sindikanamuimba mlandu. Koma anangoika bolopeni pansi, natiyang'ana, nati, "Ba mami, namvela. Mwenze na mantha, si mulandu. Tiyeni tiyambe futi." Anatitsegulira bokosi lozizira lija kuti tione, natiuza kuti mabotolo amangofika ku Lusaka pagalimoto, ndipo akatha kupima amathira mankhwala n'kutaya zonse. Anatiphunzitsa kaperekedwe kake: ikhale yako, ukhale utakhalako kanthawi usanakodze, upereke yoyamba kutuluka, osati yapakati, ndipo usadzikhutitse madzi pofuna kuti ioneke yoyera. Ife tinkaganiza kuti ulemu ndi kupereka yoyerayo. Sanatifunse kuti mwini wa mikodzo ija ndani. Ankadziwa, koma dzinalo silinatuluke m'kamwa mwake. Anatumiza mawu kwa amuna athu, nawafotokozera yekha mmodzimmodzi, ndipo zotsatira zatsopano zitabwera tonse atatu tinalibe kanthu. Atate ako anabwerera ndi nsomba m'manja, kunyumba kwa wogulitsa nsomba, ndiko kupepesa kwawo kumeneko.

Ndiye kunatsala Bana Mwape, mwini wa mikodzo ya tizilombo ija. Anasowa pamsika, kutchalitchi osaonekako. Nditapita kwawo ndinawapeza atakhala pakhonde, opanda duku, ndipo anandiuza zimene sanauzepo munthu. Kwa zaka zambiri ankamva kupweteka pansi pa mchombo. Atabereka Mwape mimba sinagwirenso. Achibale a mwamuna ankawanena, iwo n'kumaganizira mnansi wawo kuti ndiye anawamanga, mpaka anasiya kupatsana moni. Anasala kudya, anagona kumapemphero a usiku wonse, anadzozedwa mafuta a mtundu uliwonse. Chonsecho amuna awo, masiku amene ankalandirabe bwino kufakitale ya feteleza, ankayendayenda m'mabala, ndipo atamva kuwotcha pokodza anagula makapisozi n'kumwa mobisa, osauza mkazi. Kunja Bana Mwape ankaoneka athanzi kutiposa tonse, chikomekome cha nkhuyu. Anandigwira dzanja nati, "Bana Luyando, zaka zonse izi nenze kumanga viwanda, kansi ni tuzilombo twamene tumafa na mapilisi."

Iwo ndi amuna awo anamwa mankhwala onse awiri, kupweteka kunatha, mnansi uja anakamupepesa. Koma mwana sanabwerenso. Kuchipatala chachikulu anawauza kuti matendawo anakhalitsa mpaka anatseka njira. Akanapezeka munthu woyang'ana m'botolo lawo zaka zija, lero Mwape akanakhala ndi abale. Ameneyo ndiye hule amene Amake Kelvin akumunena, mkazi wa mwamuna mmodzi, wamapemphero, amene amakhala nawo benchi limodzi Lamlungu. Ndikaganiza zimenezi ndimafuna kupita kwawo n'kukawauza zingapo, koma atate ako andiletsa.

Lero Bana Mwape anadutsa pano kudzagula kapenta, ndipo pakamwa pangapa ukupadziwa, ndinawauza kuti wamasula chikwama. Iwo anati, "Muuzeni mwana ayende. Kuli bazimai bambili bamene bali monga ine, sibaziba." Anandiuzanso kuti ndikhoza kukulembera nkhani yawo yonse, ngati ingakuthandize kukwera basi. Ndiye si miseche imene ndakulemberayi, ndatumidwa.

Tsono ukafika kumeneko, mwana wanga, ukumbukire kuti botolo lililonse lili ndi nyumba kumbuyo kwake. Ife tinasokoneza tokha ndipo waona zimene zinachitika. Nanga iwe ukasokoneza, ukamata dzina la uyu pabotolo la uyo chifukwa chothamangira kukadya? Kudzakhala mayi wotupa diso kwinakwake, iwe osadziwa n'komwe. Lemba dzina mwini wake akuona. Ukakayika, taya, muyambirenso, ngakhale akulu ako akunene kuti ndiwe wochedwa. Kuchedwa unatengera atate ako, ndipo pantchito imeneyi ndi mphatso.

Ukamapatsa munthu botolo usamulankhule Chingerezi cha ku koleji. Muuze m'chilankhulo cha kumsika, pang'onopang'ono, ndipo umuuze ndi kumene mikodzo yakeyo ikupita, chifukwa iye sadzakufunsa, adzangochita mantha n'kukagawana ndi mnzake kuseri. Safunsa anadya phula, inde, koma ife osaphunzirafe timaopa kufunsa munthu wovala choyera. Ndipo ukaona amayi anayi akuchokera kuchimbudzi limodzi akusekerera, mabotolo awo ofanana mtundu ngati ana amapasa, usawaseke. Uwaitane mmodzimmodzi, uwafunse mwaulemu kuti, "Ba mami, ni yanu iyi?" Udzakhala ukufunsa amako.

Pakamwa, Luyando. Zimene waona mu labu zitsale mu labu. Udzaona dzina la m'busa, la mphunzitsi, mwina la mtsikana amene munakhala naye desiki limodzi. Mukakumana panjira umupatse moni ngati sunaone kanthu. Ngakhale ine ndikakuimbira pafoni ya aneba n'kuyamba kukunyengerera kuti undiuzeko kamodzi kokha, undikanize. Ndidzakwiya, ndidzakukumbutsa kuti ndinakunyamula miyezi isanu ndi inayi, koma undikanize ndithu, chifukwa chimene chalowa m'khutu langa dzuwa lisanalowe chafika kusiteshoni ya sitima. Mtsikana wa labu uja dzina lake sindinalidziwe, koma ndimamupempherera mpaka lero chifukwa cha dzina limodzi limene sanatchule.

Magolovesi uzivala nthawi zonse, ngakhale anzako azikuseka kuti ndiwe wamantha. Uzisamba m'manja potuluka. Ukatero manja akowo ndi oyera kuposa a ambiri amene amadya nawo mgonero patchalitchi. Uzidya, usamangomwa tiyi ndi mabanzi. Tchalitchi upeze, koma cha abusa amene amalola odwala kumwa mankhwala. Ndipo usadzione ngati wotetezeka chifukwa choti ndiwe wopima ena. Anyamata a ku Kopala ali ndi pakamwa potsekemera ndi nsapato zowala, ndipo tizilombo timeneti sitifunsa satifiketi. Aliyense amene adzafune kukukwatira, kaya ndi Kelvin kaya ndi wina, mudzayambe mwapereka mabotolo nonse awiri, aliyense lakelake, nkhani ya malowolo ibwere pambuyo. Akakana, wakuyankha kale.

Za Kelvin ndinene zoona, mnyamatayo ndimamukonda. Amandinyamulira dengu akandipeza panjira, amaimba bwino, samwa. Koma Lamlungu lija anali pomwepo amake akupukuta manja, ndipo anangoyang'ana nsapato zake. Kuyambira tsiku limenelo sanaponde pakhomo pathu. Mwina akulimbana nazo mumtima, mwina akudikira kuti iwe ugonje kuti iye asavutike kusankha. Sindikudziwa, ndipo sindimunamizira. Chimene ndikudziwa n'chakuti ukasiya ntchito imeneyi kuti amake adye nshima yako, mawa adzapeza china chosalira kudya. Ndawaona amayi otere, fasitingi yawo siitha.

Sindikukuthamangitsa, mwana wanga. Nyumba ija idzandikulira iwe ukachoka, ndipo sindikudziwa amene ndizikangana naye. Ndalira kale kuseri kwa tebulo lino, anzanga ndawauza kuti ndi utsi wa mbaula. Ukasankha kutsala, sindidzakutaya, udzakhalabe mwana wanga wogulitsa panado m'sitolo. Koma ndidzadziwa, ndipo iwenso udzadziwa, kuti unatsala chifukwa cha mawu a munthu mmodzi pageti.

Ndatuma mlongo wako kwa Kelvin kukamuuza kuti basi ya ku Lusaka, yokakupereka ku ya ku Kopala, tikukwera m'mawa pamsewu waukulu. Sindinaonjezepo mawu ena. Akabwera, umulole akunyamulire chikwama, ndipo ine ndidzayenda pambuyo panu mwakachetechete, mmene ndingathere. Akapanda kubwera, usatembenuke kuyang'ana njira ya kwawo. Chikwamacho ndidzasenza ine pamutu, ndipo sitidzadutsa njira yachidule ya kunjanji. Tidzadutsa pakati pa msika, mzere wa tomato, wa salaula, wa nsomba, mpaka pa Boma. Aliyense wondifunsa kuti mwana akupita kuti, sindidzanena kuti akukagwira ntchito kuchipatala, ngati ndikubisa kanthu. Ndidzaima, chikwama chili pamutu, n'kunena mokweza kuti ndi ogontha omwe amve: "Ayenda kukapima mikozo. Ni mwana wanga uyu."

Ndine amako,
amene sanachitepo nawe manyazi,
Amake Luyando